Makadi a Othawa Nkhondo

Amayi anali ndi pensulo ya mitu iwiri, mbali ina yofiira, mbali ina yabuluu. Ankaisongola ndi lezala uku ndi uku, ndipo akakhala kuti manja atangwanika ankaisomeka m'tsitsi pamwamba pa khutu, moti masiku ena ankafika nayo kunyumba osadziwa. Ine ndinkaisirira kwambiri. Kusukulu tinkalembera timapensulo tothyokathyoka, ndipo chilichonse cholemba zofiira chinali cha aphunzitsi okha. Ndinkaganiza kuti munthu amene wapatsidwa pensulo yotere ndi boma ndiye kuti ndi munthu wamkulu. M'nyengo yozizira ya chaka chimene ndikukumbukachi, ndinaona ntchito imene mitu iwiriyo inkagwira.

Amayi anali kalaliki wosunga mafayilo mu ofesi ina pa Boma pa Mulanje, ofesi imene inkayang'anira anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Pa nthawiyi nkhondoyo inali itatha. Malole anali atatuta anthu kuwabwezera kwawo kudzera pa Muloza, misasa yawo inali itaphwasulidwa, ndipo ofesi nayo inali pafupi kutsekedwa. Anthu anapita koma mapepala awo anatsala. Anadzaza chipinda chakumbuyo kuyambira pansi mpaka kudenga, ena m'mashelefu, ena m'makatoni, ena m'matumba amene kale munkabwera ufa.

Bambo anga anali m'gulu la amene anapita. Anali telala. Nkhondo itafika m'mudzi mwawo kuseri kwa Milange, anathawa wapansi ndi mng'ono wawo, mutu wa makina osokera atausenza. Anakumana ndi amayi pa mzere wolembetsa mayina, iwo ataima, amayi atakhala kuseri kwa tebulo. Nkhani imeneyi inali yodziwika kwathu, ndipo anthu ankaikamba moseka. Mtendere utabwera, bambo anati akaone ngati minda ya makolo awo ilipobe, kenaka adzatitenga. Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Anthu a njinga amene ankadutsa malire ndi katundu ankabwera ndi mauthenga osagwirizana. Ena ankati awaona akusoka pakhonde la sitolo m'tauni ina yakutali, ena ankati ali ndi banja lina, ena akafunsidwa ankangoyang'ana tayala la njinga yawo. Amayi anasiya kufunsa, ndipo ine ndinaphunzira kusafunsa pamaso pawo.

Sukulu itatsekera panalibe wondisiyira, choncho ndinkapita nawo kuntchito. Inali nyengo ya chiperoni. Phiri linkabisala m'nkhungu tsiku lonse, kamvula kosalekeza kaja kankalowa mpaka m'mafupa, ndipo minda ya tiyi inkangooneka mizere yoyandikira msewu yokha. M'chipinda cha mapepala munkanunkha chinyezi, ndowe za makoswe ndi dothi la chiswe. Ukatsegula katoni, mphemvu zinkabalalika. Mafayilo ena anali atamatana n'kukhala ngati njerwa, ena ukawanyamula pakati pake pankangothothoka ngati gaga. Amayi ankakhala pa katoni, atavala juzi ya bambo pamwamba pa diresi, chimfine chili m'mphuno, n'kumatenga fayilo imodziimodzi. Akachonga ndi mutu wabuluu, fayiloyo inkapita pa mulu wopita ku Zomba, kumene boma limasunga mapepala ake akale. Akalemba mtanda wofiira, inkapita pa mulu wa pafupi ndi khomo, wodikira moto.

Sankachita izi mwa maganizo awo okha. Kunali kalata yochokera kulikulu imene anaimata pachitseko, ndipo inkanena zofunika kusunga ndi zofunika kuwononga. Mabuku akuluakulu a zikuto zolimba, mmene munalembedwa aliyense wolowa m'dziko, dzina lake, mudzi wochokera ndi anthu amene anabwera nawo, anali osungidwa. Makadi olandirira ufa, nyemba ndi mafuta, amene anthu ankabweza pokwera lole yopita kwawo, anali ootchedwa onse, kuti asagwere m'manja olakwika. Koma kalata inali tsamba limodzi, pamene chipinda chinali chodzaza. Zambiri za mmenemo wolemba kalatayo sanaziganizire n'komwe. Amayi atakafunsa kwa abwana awo, iwo anangoti, "Mayi, mapepalawa mukuwadziwa ndi inu. Koma lole ya ku Zomba ikubwera imodzi."

Ndakula ndikumva anthu akunena kuti boma lataya izi, boma labisa izo, ngati kuti boma ndi chinyama chachikulu chokhala kutali. Nyengo imeneyo boma linali mayi anga, atakhala pa katoni, akumina chimfine.

Tsiku lina Lamulungu, titabwera kutchalitchi, kunyumba kunafika bambo aang'ono, mng'ono wa bambo anga uja. Iwo sanabwerere ku Mozambique. Anali atakwatira kufupi ndi esiteti ina ya tiyi, ankagwira ntchito yothyola, ndipo ana awo anabadwira konkuno. Ankandikonda, ndipo ankandilonjera m'Chilomwe dala kuti aseke mmene ndinkayankhira mopotoza. Tsikulo anabwera ndi makaka m'kathumba ndi nanazi mmodzi, koma sanaseke. Anakhala pa mpando wa pakhonde chipewa chili pa bondo, n'kuyamba nkhani za kuzizira, za mtengo wa feteleza, za mwana wawo amene anali ndi chifuwa. Ine ndinali pafupi ndikusenda nanaziyo, ndipo palibe anandithamangitsa.

Kenaka ananena chimene anabwerera. Ku esiteti kunali mphekesera yoti boma likufuna kusaka onse amene anatsalira, ndipo lidzawapeza powerenga mabuku a mu ofesi ya amayi. Anthu ankagona tulo ta mantha. Ena anali atasintha kale mayina. Bambo aang'ono ankadziwa kuti dzina lawo lili m'buku la anthu amene analowa limodzi ndi iwo, ndipo anamva kuti mabukuwo akupita ku Zomba.

"Alamu, buku limodzi lokha," anatero. "Moto ulipo kale. Ndani angadziwe?"

Amayi anawauza kuti iwo sanamvepo za kusaka anthu, ndipo akanamva akanawauza. Anati mabukuwo akupita kukasungidwa basi. Bambo aang'ono anafunsa kuti akusungiranji chinthu chimene safuna kudzachigwiritsa ntchito. Amayi anati bukulo si la munthu mmodzi. Munali midzi yathunthu mmenemo, ana amene anafera mumsasa, nkhalamba zimene zinaikidwa m'manda opanda chizindikiro, ndipo ambiri mwa iwo dzina lawo silinalembedwe pena paliponse pa dziko lapansi.

"Akufa saopa kuthamangitsidwa," anayankha bambo aang'ono.

Mawu amenewa ndakhala nawo moyo wanga wonse, ndipo mpaka lero sindinapeze yankho lake lokwanira. Amayi anangoti sangathe. Bambo aang'ono anavala chipewa n'kutsanzika mwaulemu wopitirira muyezo, ulemu umene munthu amapereka kwa mlendo. Tiyi amene ndinawathirira anazizirira m'kapu. Masabata otsatira sanabwerenso, ndipo akazi awo atakumana ndi amayi kumsika anayang'ana kumbali.

Sabata yomweyo kapena yotsatira, ku ofesi kunabwera aphunzitsi anga a kalasi. Ndinachita manyazi kuwaona kunja kwa sukulu, ndipo ndinabisala kuseri kwa shelefu. Anali mayi wamtali, wolankhula motsitsa, amene ankatimenya ndi rula pa zala tikalemba mopindika. Sindinkadziwa kuti nawonso anachokera kutsidya kwa malire. Anauza amayi kuti pothawa anasiyana ndi mng'ono wawo wamkazi pa mtsinje, usiku umene anthu anabalalika atamva mfuti, ndipo zaka zapitazo analemba kalata ku ofesiyi yomufunafuna. Atamva kuti ofesi ikutsekedwa, anati adzafunse komaliza ngati panabwera yankho.

Amayi anawatengera pa ngodya pamene panali matumba angapo omangidwa ndi luzi. Munali makalata okhaokha a mtundu umenewo. Ena analembedwa pa mapepala ong'ambidwa m'makope a sukulu, ena kuseri kwa pepala la shuga, ena m'Chichewa, ena m'Chipwitikizi, ambiri olembedwa ndi munthu wina m'malo mwa mwini wake, chala cha inki chili pansi. Ndikufuna mwana wanga. Ndikufuna amuna anga, ali ndi chipsera pa chipumi. Anakhala pansi awiriwo mpaka dzuwa kupendeka, akufunafuna. Kalata ya aphunzitsi anaipeza. Yankho panalibe.

Aphunzitsi anaipinda bwinobwino n'kuibweza m'thumba momwe inali. Sanapemphe kuitenga. Anayang'ana mulu wa pakhomo, n'kuyang'ana matumbawo, ndipo anafunsa kuti awa akupita kuti. Amayi anati kalata ya kulikulu sinawatchule. Aphunzitsi anangoti mwina mng'ono wawo nayenso analemba kwinakwake, ndipo mwina tsiku lina wina adzakhala pansi n'kuyika makalata awiriwo pamodzi. Potuluka anandiona kuseri kwa shelefu n'kundifunsa ngati ndikuwerenga pa tchuthi. Ndinanama kuti inde.

Matumba amenewo anawasowetsa amayi mtendere. Mulu wa ku Zomba unali utakwana kale lole, ndipo kuti makalata akwere, china chinayenera kutsika. Ndinkawaona akuzungulira muluwo, akutsegula fayilo, kuitseka, kuibweza. Pomaliza anatsitsa makatoni a mafayilo okhudza malo amene panali misasa, mmene munali zokambirana za amene anabwereketsa minda yawo kuti anthu amangepo, ndi malire ake. Anaganiza kuti popeza misasa yatha ndipo eni minda abwerera m'minda yawo, nkhaniyo yafa. Analemba mitanda yofiira, ndipo makalata anakwera.

Pamenepa ndiyenera kunena zimene ndinadzadziwa nditakula. Patapita zaka, pa malo ena pamene panali msasa panabuka mkangano wa malire pakati pa mabanja awiri, ndipo unafika poti anthu anatemana ndi zikwanje. Amayi atamva, anakhala tsiku lonse osadya. Ankati mwina yankho linali m'makatoni aja. Mwina linalimo, mwina munalibe. Makalata amene anawapulumutsa, sindinamvepo kuti analumikizitsa munthu ndi m'bale wake, ngakhale kuti mwina zinachitika ine osadziwa. Wosankha sadziwa chimene mawa lidzafune. Amangoona nkhope ya amene waima patsogolo pake lero, ndipo tsiku limenelo patsogolo pa amayi panaima aphunzitsi, osati eni minda.

Ine ndinali ndi ntchito yangayanga imene sindinauze munthu. Makadi a chakudya anali omangidwa m'mitolo ndi mphira za machubu a njinga, mtolo uliwonse ndi dzina la msasa, ndipo khadi lililonse linali ndi kachithunzi ka mwini banja pa ngodya. Kunyumba kwathu kunalibe chithunzi cha bambo ngakhale chimodzi. Nkhope yawo inali itayamba kundithawa. Ndinkakumbukira msana wawo utawerama pa makina, fungo la mafuta a makinawo, ndi mmene ankadulira ulusi ndi mano, koma maso ndi mphuno zinkasungunuka ndikayesa kuziona. Choncho amayi akatangwanika, ndinkamasula mitolo n'kumayang'ana nkhope imodziimodzi. Zinali nkhope za anthu otopa, onse atayang'ana kutsogolo mofanana, atanyamula kasileti ka nambala pachifuwa.

Bambo ndinawapeza masana ena, kamvula kakugogoda pa malata. Ndinazindikira dzina ndisanazindikire nkhope. Linalembedwa ndi dzanja la amayi, zilembo zozungulira zimene ndinkaziona pa makope anga. Bambo anali mnyamata pa chithunzicho, wowonda, khosi lalitali, kolala ya shati itaima bwino ngakhale kuti shatiyo inali yong'ambika paphewa. M'mphepete mwa khadi munali timabowo tambirimbiri, kalikonse ka tsiku limene analandira ufa. Ndinaona kuti makutu awo ndi anga.

Ndinathamanga nalo kwa amayi. Analilandira n'kulitalikitsa pang'ono ndi maso monga ankachitira powerenga. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukuta fumbi la pa chithunzi ndi chala chachikulu.

"Anali atawonda," anatero. Kenaka anandipatsa. "Kabweze pamene walitenga."

Ndinapempha kuti tipite nalo kunyumba. Ndinati likaotchedwa basi, palibe akulifuna, ndipo ndingomatula kachithunzi kokha. Amayi anati si lathu. Ndinati ndi bambo anga. Anati akudziwa, koma khadi si lathu. Nditakana kusuntha, anadzuka okha pa katoni, n'kukalilowetsa pakati pa anzake, n'kumanga mtolowo ndi mphira kawiri. Ndinalira mpaka mesenjala wa pa ofesi anasuzumira pakhomo kufunsa ngati ndalumidwa ndi chinkhanira.

Moto unachedwa chifukwa cha chiperoni. Lole ya ku Zomba inabwera n'kupita, ndipo mulu wa pakhomo unangokhala, ukuyamwa chinyezi. Masiku amenewo ndinkadziwa bwino pamene panali mtolo uja, wachitatu kuchokera pansi, kumbali ya zenera. Ndikanatha kuusolola amayi atapita kukamwa madzi. Sindinatero, ndipo sindidziwa ngati chinali mantha kapena chiyembekezo choti iwo eni adzasintha maganizo mwakachetechete, n'kudzandidzidzimutsa nalo kunyumba.

Kenaka kunacha tsiku lowala. Nkhungu inachoka, ndipo thanthwe la Chambe linaonekera lonse, lonyowa, likunyezimira ngati lapakidwa mafuta. Mesenjala anagubuduza migolo iwiri yodulidwa pakamwa n'kuiika kuseri kwa ofesi. Anayatsa ndi tizidutswa ta mkungudza ndi parafini pang'ono, moti poyamba panamveka fungo labwino la mtengowo, lisanagonjetsedwe ndi utsi wa mapepala onyowa. Abwana anaima chapatali ndi kapepala kawo kuti achitire umboni. Mapepala ambiri sapsa msanga. Amada m'mphepete, pakati pali poyera, ndipo mesenjala ankawatakasa ndi chitsulo kuti mpweya ulowe. Phulusa linkauluka ngati agulugufe akuda n'kumakagwera pa zovala zimene anthu a nyumba zoyandikana anayanika, ndipo mayi wina anabwera kudzadandaula.

Amayi sanasiyire mesenjala ntchito yoponya. Ankanyamula okha mitolo, kumasula mphira, n'kumwaza makadi mu mgolo. Ine ndinaima pa ngodya ya nyumba maso ali pa manja awo. Mtolo uja utafika, ndinauzindikira chifukwa cha mphira yomangidwa kawiri. Ndinayembekeza kuti aima, kapena atembenuka kundiyang'ana. Anamasula mphira, anamwaza makadi monga anachitira ndi ena onse, n'kuwerama kutenga mtolo wotsatira.

Pobwerera kunyumba ndinayenda kumbuyo kwawo patali, ndipo masiku angapo ndinkangowayankha ndi mutu. Iwo sanandikalipire kapena kundinyengerera. Ofesi inatsekedwa, amayi anasamutsidwira ku ofesi ina pa Boma pomwepo, sukulu inatsegulidwa, ndipo aphunzitsi anapitiriza kutimenya pa zala ngati kuti sindinawaonepo atakhala pansi pakati pa matumba.

Palibe amene anabwera kudzasaka bambo aang'ono. Anakalambira pa esiteti pomwepo ndipo anaikidwa ku Mulanje konkuno. Komabe sindinena kuti mantha awo anali opanda pake, chifukwa munthu amene anathawapo kamodzi amadziwa zimene ife ena sitidziwa. Anayambanso kubwera kwathu patapita zaka, pang'onopang'ono, poyamba pa maliro, kenaka popanda chifukwa, ndipo nkhani ya buku sinatchulidwenso. Bambo anga sanabwere. Nditakula ndinapita ku Zomba kukapempha kuona mabuku aja, ndipo ndinapeza mzere wawo: dzina, mudzi, ntchito ya utelala, ndi dzina la mng'ono wawo pansi pake. Mudziwo ndinali ndisanaumvepo, ndipo tsopano ana anga amaudziwa. Nkhope munalibe.

Kamodzi kokha ndinawafunsa amayi za khadi lija, iwo atapuma kale pa ntchito, tikusola nandolo pakhonde. Sanadabwe ndi funsolo. Anati, "Ndikanatulutsa limodzi chifukwa ndi langa, alamu aja ndikanawayang'ana bwanji?" Anapitiriza kusola, ndipo ine ndinaona kuti yankho limenelo ndi loona, koma si lonse.

Gawo lotsalalo ndinali nditaliona ndi maso anga ndili mwana, koma sindinadziwe chimene ndinkaona. Njira yathu yochokera ku ofesi inkadutsa pa siteji, ndipo chichokereni bambo, basi ya ku Muloza ikaima amayi ankachepetsa liwiro, n'kumayang'ana otsika mmodzimmodzi mpaka womaliza, akunamizira kukonza chitenje kapena kusintha dzanja lonyamulira chikwama. Ndinazolowera zimenezi moti nanenso miyendo yanga inkaima yokha. Madzulo a tsiku la moto, basi inali itangofika, anthu akutsitsa mitolo ndi nkhuku. Ine, kumbuyo kuja, ndinaima monga mwa masiku onse. Amayi anadutsa osacheuka, manja ali bii ndi mwaye, msana uli chilili. Ndinaganiza kuti aiwala, osadziwa kuti asiya kudikira bambo, ndipo ndinawonjezera chimenechi pa milandu imene ndinkawasungira mumtima. Ndinayang'ana otsikawo ndekha mpaka womaliza, kenaka ndinathamanga kuti ndiwapeze.